Svante Arrhenius ndi Cinsinsi ca Mcere

Kutali kumpoto, ku Europa, kuli dziko lochedwa Suécia. Ndi dziko lozizira kwambiri. Nyengo yacisanu ikafika, madzi a m'nyanja amauma gwa ngati mwala, ndipo anthu amayenda pamwamba pake. Dzuwa limatuluka mocedwa, n'kulowa msanga.

M'dziko limenelo munabadwa mwana wamwamuna pa 19 Fevereiro 1859. Anabadwira ku Vik, pafupi ndi mzinda wa Uppsala. Makolo ake anamucha Svante. Dzina la banja lawo linali Arrhenius. Dzina limeneli ndi lovuta kuchula, conco m'nkhani ino akhala Svante basi.

Bambo ake ankagwira nchito yoyeza malo. Ankayang'aniranso minda ya yunivesite ya Uppsala. Yunivesite ndi sukulu yaikulu, imene munthu amapitako akamaliza masukulu ena onse. Mayi ake anali a Carolina. Svante ali ndi caka cimodzi, banja lonse linasamukira mumzinda wa Uppsala.

Svante anadziwa kuwerenga ali ndi zaka zitatu zokha. Anadziphunzitsa yekha. Bambo ake akamaphatikiza manambala m'mabuku a kunchito, mwanayo ankakhala pambali, maso ali dwii papepala. Posakhalitsa nayenso anayamba kuphatikiza, ndipo ankafulumira kwambiri.

Analowa sukulu ali ndi zaka 8. Sanamuike m'kalasi loyamba ayi. Anamuika m'kalasi lacisanu. Anamaliza sukuluyo mu 1876, ali wamng'ono kuposa anzake onse. Caka comweco analowa yunivesite ya Uppsala. Ankaphunzira Masamu, Fizika ndi Kimika. Kimika ndi phunziro lofufuza zimene zimapanga madzi, mcere, mpweya ndi zinthu zina zonse.

Koma maphunziro a ku Uppsala sanamukhutiritse. Mu 1881 anapita ku Stockholm, likulu la dzikolo. Kumeneko kunali mphunzitsi wina, a Erik Edlund, wodziwa bwino za magetsi. Iwo anamulandira, n'kumupatsa malo ogwirira nchito.

Mcere umapita kuti?

Tengani kapu ya madzi. Thiranimo mcere pang'ono, mutakase ndi supuni. Mcere uja suonekanso. Koma mukalawa, mcere ukumveka. Mukathira madziwo m'mbale n'kuwasiya padzuwa masiku angapo, madzi auma, mcere utsala pansi. Ndiye kuti mcere sunathawe. Nanga unali pati? Unkacita ciyani m'madzimo?

Limeneli ndiye funso limene Svante analimbana nalo. Maso sakanamuthandiza, pakuti mcere wosungunuka suoneka. Conco anagwiritsa nchito magetsi.

Anthu ankadziwa kale cinthu cina codabwitsa. Mcere wouma sulola magetsi kudutsa. Madzi oyera enieni, opanda kanthu kalikonse, amalola pang'ono zedi. Madzi a suga nawonso salola. Koma madzi a mcere amalola bwino. Mcere paokha sulola, madzi paokha salola, koma zikaphatikizana magetsi akudutsa!

Ana inu, izi si zoyesa panyumba. Magetsi amapha. Madzi a pacitsime ndi a mumtsinje ali kale ndi mcere pang'ono wosungunuka. N'cifukwa cake waya wa magetsi sagwiridwa, makamaka ndi manja onyowa.

Mcere wa m'ndiwo ndi mtundu umodzi cabe. Micere ilipo yambiri. Ina ili mu feteleza. Ina ili m'phulusa, ndipo ndi imene imalowa m'madzi amayi akamaceza cidulo. Svante anatenga micere yamitundumitundu. Ankasungunula umodzi, n'kuyeza magetsi amene akudutsa. Ankawonjezera madzi, n'kuyezanso. Kuwonjezeranso madzi, kuyezanso. Anacita zimenezi miyezi yambiri, n'kumalemba manambala onse. Inali nchito yotopetsa, koma manambala aja anamuonetsa kanthu. Madzi akamaculuka, gawo lalikulu la mcerewo linkayamba kunyamula magetsi.

Zaka 50 m'mbuyomo, katswiri wina wa ku London, Michael Faraday, anali atafotokoza za tizidutswa tonyamula magetsi m'madzi. Anaticha maiyoni, kutanthauza toyenda. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti magetsi ndi amene amaswa mcere kuti maiyoni apangike. Svante anayamba kuganiza zina. Mwina maiyoni amakhalamo kale m'madzi a mcere, magetsi asanafike n'komwe. Mwina magetsi amangowapeza ali okonzeka, n'kuwayendetsa.

Mayeso

Mu 1884 Svante analemba buku la masamba 150 m'Cifalansa. Analipereka ku Uppsala kuti apatsidwe digiri ya udokotala wa maphunziro. Anali ndi zaka 25.

Aphunzitsi analiwerenga, koma silinawagwire mtima. Mmodzi wa iwo anali a Per Teodor Cleve. A Cleve sanali munthu wamba. Anali katswiri weniweni wa Kimika, wolemekezeka m'dziko lonse. Iwo ankakhulupirira zinthu zimene munthu angazigwire ndi kuziika pasikelo. Za mnyamatayu zinaoneka ngati zongoganizira.

Svante anakhoza, koma anam'patsa malikisi otsika. Ndi malikisi otere, munthu sankalembedwa nchito yophunzitsa pa yunivesite. Zaka zonse za maphunziro zinaoneka ngati zapita m'madzi.

Svante sanakhale pansi n'kumalira. Anatenga mabuku ake aja, n'kuwatumiza papositi kwa akatswiri a m'maiko ena. Limodzi linafika ku Riga, tsidya lina la nyanja ya Báltico, kwa mphunzitsi wacinyamata, Wilhelm Ostwald. Patapita zaka, Ostwald anasimba kuti tsiku limenelo analandira zinthu zitatu. Dzino linamuwawa, mkazi wake anabereka mwana wamkazi, ndipo buku la Svante linafika. Dzino linapola, mwana anakula bwino, koma bukulo linamusowetsa tulo.

Ostwald ataliwerenga bwinobwino, anaona kuti muli nzeru. Caka comweco anawoloka nyanja kupita ku Uppsala kukaonana ndi Svante. Anam'pempha kuti akagwire nchito ku Riga. Akuluakulu a ku Uppsala anadabwa. Mlendo wacokera kutali kudzafuna mnyamata amene iwo anamunyoza! Caka cisanathe anam'patsa malo ophunzitsa.

Ku Riga Svante sanapite nthawi yomweyo. Bambo ake ankadwala, ndipo iye anakhala nawo pafupi. Anamwalira mu 1885. Caka cotsatira Svante analandira ndalama zoyendera kucokera ku bungwe la akatswiri a sayansi la dziko lake. Anapita ku Riga, ku Würzburg, ku Graz ndi ku Amsterdam. Kulikonse ankaphunzira, ankayeza, ankafunsa.

Madzi amatsata mcere

Kuti mumvetse zimene zinacitika pa ulendowo, muyambe mwadziwa za madzi.

Madzi amaoneka ngati cinthu cimodzi, koma anapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri. Tizidutswa timeneti timachedwa mamolekula. Dontho limodzi lokha lili ndi mamolekula ambiri kuposa anthu onse a padziko lapansi. Mamolekula sakhala phee. Ngakhale madzi a mumtsuko atakhala bata usiku wonse, mamolekula ake amakhala akuyenda, kugundana ndi kusinthana malo, ngati ana pabwalo la sukulu nthawi yopuma.

Nsomba, nkhaka, cimanga, ngakhale thupi la munthu, zonse zili ndi tizipinda tambirimbiri todzaza madzi. Kacipinda kalikonse kali ndi khungu lopyapyala. Mamolekula a madzi amadutsa pakhungu limeneli, kulowa ndi kutuluka. Mcere sudutsa mosavuta. Tsono kunja kukakhala mcere wambiri, mkati muli wocepa, madzi otuluka amaculuka kuposa olowa. Madzi amatsata mcere. Akatswiri amacha zimenezi osmozi.

Izi mungaziyese. Dulani nkhaka, muwaze mcere, mudikire pang'ono. Muona madzi akutuluka, nkhaka ikufota. Madziwo sanacokere mumcere. Acokera m'tizipinda ta nkhaka.

Asodzi a ku Cahora Bassa amadziwa zimenezi. Amang'amba nsomba, kuzipaka mcere ndi kuziyanika. Mcere umakoka madzi a m'nsomba. Umakokanso madzi a m'tizilombo timene timaoletsa nsomba, ndipo tizilomboto timalephera kuswana. Ndi cifukwa cake nsomba za Chicoa zimayenda ulendo wautali osawonongeka. Alimi nawonso amadziwa. Feteleza akagundana ndi mbewu kapena mizu yanthete, cimanga cimapsa. Si moto ayi. Micere ya mu feteleza yakoka madzi a m'mizu. Ndiye feteleza amathiridwa patali pang'ono ndi phesi.

Ku Amsterdam, m'dziko la Holanda, kunali katswiri wina, Jacobus van 't Hoff. Iye ankafuna kudziwa kukula kwa mphamvu yokoka madziyi. Anapeza lamulo losavuta. Mphamvuyo imadalira kuculuka kwa tizidutswa tosungunuka m'madzi. Tizidutswa tikaculuka kawiri, mphamvu imakulanso kawiri. Mtundu wa tizidutswato ulibe kanthu. Cofunika ndi ciwerengero.

Suga ankamvera lamulo limeneli bwinobwino. Koma mcere unkakana. Akaika tizidutswa ta mcere tofanana ciwerengero ndi ta suga, mcere unkakoka madzi pafupifupi kawiri kuposa suga. Panalinso cina. Madzi oyera amauma n'kukhala mwala pa madigiri 0. Madzi osungunuliramo kanthu amafuna cisanu coposa apo. Apanso mcere unkagwira nchito pafupifupi kawiri kuposa suga. Van 't Hoff anawerengera, kuwerengeranso, koma cifukwa cake sanacipeze.

Svante anawerenga zimene van 't Hoff analemba, ndipo anaona yankho. Munali mu 1887. Anam'lembera kalata.

Taganizani za mtedza wa m'makoko. Muli ndi makoko 10. Mukawerenga, mupeza 10. Tsopano asendeni. M'khoko lililonse muli njere ziwiri. Mukawerenganso, mupeza 20. Simunawonjezere mtedza, koma ciwerengero cakula kawiri.

Mcere umatero. Kacidutswa kamodzi ka mcere wa m'ndiwo, kakalowa m'madzi, kamagawika pawiri. Mbali imodzi ndi iyoni ya sodiyamu. Mbali ina ndi iyoni ya kolorini. Yoyamba imanyamula magetsi a cizindikiro ca +, yaciwiri a cizindikiro ca −, monga zizindikiro za pa batire la wailesi. Suga sagawika. Kacidutswa kamodzi ka suga kamakhalabe kamodzi. Van 't Hoff ankawerenga makoko, pamene m'madzi munali njere.

Svante sanangonena ndi pakamwa. Anatenga manambala ocokera ku miyezo ya magetsi. Anatenganso manambala a katswiri wa ku Grenoble, François Raoult, amene ankayeza kuuma kwa madzi ndi cisanu. Izi zinali njira ziwiri zosiyana, za anthu osiyana. Ataika manambalawo pamodzi, ambiri anagwirizana. Apa ndi pamene maganizo amene anayamba m'buku lonyozedwa lija anakhwima.

Komabe ambiri anakana, ndipo anali ndi zifukwa. Sodiyamu payekha ndi citsulo cofewa cimene cimalilima ndi kuyaka cikagwera m'madzi. Kolorini payekha ndi mpweya wa poizoni. Ngati mcere umagawika, bwanji madzi a mcere sayaka? Bwanji anthu amadya ndiwo za mcere osafa? Funso linali labwino ndithu. Yankho lake ndi lakuti iyoni si citsulo cija, ndipo si mpweya uja. Kacidutswa kakanyamula magetsi a + kapena a −, khalidwe lake limasinthiratu.

Mkangano unatenga zaka. Svante, Ostwald ndi van 't Hoff anagwirizana ngati mafuwa atatu. Ostwald ndi van 't Hoff anayambitsa magazini ya sayansi mu 1887, ndipo nkhani ya Svante inatuluka m'menemo caka comweco. Pang'onopang'ono otsutsa anayamba kucepa.

Mphoto

Svante anabwerera kwawo, ndipo mu 1891 anayamba kuphunzitsa ku Stockholm. Mu 1895 anakhala pulofesa.

Ku Suécia kuli mphoto yaikulu yochedwa Nobel. Imaperekedwa kwa anthu amene apeza nzeru zothandiza dziko lonse. Woyamba kulandira ya Kimika anali van 't Hoff, mu 1901. Svante analandira mu 1903, ndipo anali munthu woyamba wa ku Suécia kulandira mphoto ya Nobel. Ostwald analandira mu 1909. Pakati pa akuluakulu osankha wolandira mu 1903 panali a Cleve omwe aja. Panali patapita zaka 19 cicokereni mayeso a ku Uppsala.

Zimene Svante sanaone

Svante anaona zambiri, koma sanaone zonse. Iye ankayang'ana kwambiri mcere. Madzi ankawatenga ngati bwalo cabe limene maiyoni amayendapo. Katswiri wa ku Rússia, Dmitri Mendeleev, ankatsutsa. Iye ankaphunzitsa kuti madzi amagwirana ndi cinthu cimene casungunuka. Pa nkhani ya kugawika kwa mcere Mendeleev analakwa, koma pa nkhani ya madzi ananena zoona.

Mu 1913 bambo ndi mwana wake, William Bragg ndi Lawrence Bragg, anapeza njira yoonera mkati mwa njere ya mcere ndi ceza ca X, conga cimene amajambulira mafupa kucipatala. Zinadziwika kuti maiyoni alimo kale mumcere wouma. Anandandalikana ngati njerwa pakhoma, wa + pafupi ndi wa −, ogwirana zolimba. Sangayende, n'cifukwa cake mcere wouma sulola magetsi.

Amene amagumula khomalo ndi madzi. Molekula ya madzi ili ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi ili ndi + pang'ono, ina ili ndi − pang'ono. Tsono + ndi − zimakokana. Mamolekula a madzi akafika pa njere ya mcere, amatembenuka. Ena amalozetsa mbali ya − ku sodiyamu. Ena amalozetsa mbali ya + ku kolorini. Amakoka iyoni imodzi, n'kuizungulira, n'kupita nayo. Amabweranso ena, kukoka ina. Njere imacepa, imacepa, mpaka kutha.

Iyoni iliyonse imakhala pakati, mamolekula a madzi ataizungulira ngati anapiye pa thadzi. Iyoni ikayenda, madzi oizungulira amayenda nayo. Mamolekula amene ali pafupi ndi sodiyamu sayenda momasuka ngati anzawo akutali. Amagwidwa kanthawi kocepa kwambiri, kenako amasinthana ndi ena. M'madzi a mcere, madzi amauluka padzuwa mocedwerapo. Amafunanso cisanu coposa kuti aume. Madzi a m'nyanja yamcere, monga ya ku Beira, ali ndi magalamu pafupifupi 35 a micere mu lita imodzi. Madzi otere sauma pa madigiri 0. Amadikira mpaka cisanu citsike ndi madigiri ena pafupifupi awiri. Munthu waludzu akawamwa, ludzu limakula, pakuti thupi limataya madzi ake pocotsa mcere woculukawo.

Makolo, nzeru yomweyi imapulumutsa ana. Mwana akatsegula m'mimba amataya madzi ndi micere. Kucipatala amapereka kaphukusi ka mcere ndi suga kosungunula m'madzi owiritsa. M'matumbo, suga amathandiza sodiyamu kulowa m'thupi, ndipo madzi amatsata. Mankhwala amenewa sanapange ndi Svante. Anabwera patapita zaka zambiri iye atamwalira. Koma muyezo wake ndi wofunika kwambiri. Mcere ukaculuka, m'malo molowa m'thupi madzi amakokedwa kupita m'matumbo, ndipo mwana amafooka koposa. Thirani madzi okwana monga mmene anamwino anenera, osacepetsa.

Zaka zotsiriza

Svante sanathere pa mcere pokha. Mu 1896 anawerengera za mpweya umene umatuluka anthu akamaotcha malasha. Anawerengera ndi pensulo ndi pepala kwa miyezi yambiri. Anapeza kuti mpweyawo ukaculuka mumlengalenga, dziko lidzatentha. Iye, pokhala munthu wa kozizira, ankaona ngati kutenthako kudzakhala kwabwino. Lero kutentha kumeneko kukusokoneza mvula ndi kubweretsa cilala m'maiko ambiri.

Panalinso cina cimene analakwa kwambiri. Analowa m'bungwe lina la ku Suécia limene linkaphunzitsa kuti anthu ena ndi oyenera kubereka, ena ndi osayenera. Maganizo amenewo anali oipa, ndipo pambuyo pake anapweteka anthu ambiri m'dzikolo.

Svante anakwatira kawiri, ndipo anali ndi ana anayi. Kuyambira mu 1905 ankatsogolera nyumba yofufuzira ya Nobel ku Stockholm. Analembanso mabuku osavuta onena za nyenyezi ndi za dziko, kuti anthu wamba awerenge. Anadwala m'mimba masiku ocepa, ndipo anamwalira ku Stockholm pa 2 Outubro 1927, ali ndi zaka 68. Anakamuika ku Uppsala.